Mafunso ndi mayankho: kuteteza konkire ya pakhomo kuti isafumbutuke, isang'ambike ndiponso isathimbirire

Mafunso otsatirawa ndi amene eni nyumba mu Blantyre amafunsa kawirikawiri akaona khonde, masitepe, bwalo loimikapo galimoto kapena pansi pa nyumba yawo pakuwonongeka nthawi isanakwane. Mayankho ambiri akukhudza madzi, chifukwa konkire ya m'makomo mwathu imathiridwa madzi ochuluka pa tsiku loikanda, kenako n'kumanidwa madzi m'masiku otsatira pamene ikuwafuna kwenikweni.

N'chifukwa chiyani konkire yatsopano imayamba kufumbutuka pamwamba chaka chisanathe?

Konkire ikangothiridwa, miyala ndi mchenga zimatsika pang'ono ndipo madzi amakwera pamwamba n'kuyamba kunyezimira. Madzi amenewa ayenera kusiyidwa kuti aphwe okha. Mmisiri akafulumira kusalaza madziwo adakalipo, amawabwezera m'kachigawo kapamwamba, ndipo kachigawo kameneka, komwe ndi kamene timapondapo ndi kusesa tsiku ndi tsiku, kamakhala kofooka kuposa konkire yonse ya pansi pake. Pakapita miyezi yochepa tsache limayamba kutulutsa fumbi lotuwa losatha, ndipo mchenga umaonekera.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zafala pakati pa amisiri athu, ndipo mwini nyumba ayenera kuziletsa mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Choyamba ndi kuwaza madzi pa konkire yomwe yayamba kugwira pofuna kuti chosalazira chiziyenda mosavuta. Chachiwiri ndi kuwaza simenti youma pamwamba kuti imwe madzi aja. Pa tsikulo ntchito imaoneka yokongola kwambiri, koma chimene chapangika ndi kakhungu kopyapyala ka simenti yokhayokha, kamene kamang'ambika timing'alu tambirimbiri kenako n'kumasupuka. Ngati mukufuna kudziwa mmene pansi panu palili, kandanipo ndi msomali: pamalo polimba pamangotsala kamzere, pomwe pofooka msomali umalowa n'kutukula fumbi.

Kodi madzi oyenera ndi ochuluka bwanji, nanga mchenga ndi miyala tiyeze motani?

Pa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, madzi asapitirire malita 25, kutanthauza ndowa imodzi ya malita 20 ndi kotala yake. Mchenga ukakhala wonyowa, monga mmene umakhalira m'dzinja, wabwera kale ndi madzi ake ndipo muyenera kuchepetsa. Madzi owonjezera amafewetsa ntchito ya fosholo, koma akadzauma amasiya timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo timabowo timeneti ndi timene timamwa mafuta, matope ofiira ndi chinyezi kwa zaka zonse za konkireyo.

Pa khonde ndi pabwalo loyendapo anthu, muyezo wodziwika ndi gawo limodzi la simenti, magawo 2 a mchenga ndi magawo 4 a miyala ya kwale. Wilibala ya omanga yodzaza mofanana ndi milomo yake imatenga pafupifupi malita 65, omwe ndi ofanana ndi matumba awiri a simenti, choncho thumba limodzi limayenderana ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala. Wilibala yodzaza mpaka kupanga phiri si muyezo umenewu. Poimika galimoto pamafunika konkire yokhuthala mamilimita 100 kapena kuposerapo, ndipo ndi bwino kuchepetsako miyala ndi mchenga pa thumba lililonse.

Kodi mchenga wa mumtsinje uliwonse ndi wabwino?

Ayi. Mchenga wambiri umene umagulitsidwa m'mbali mwa misewu umakumbidwa m'mitsinje yodutsa m'tauni momwemuno, ndipo mitsinje ngati Mudi ndi Naperi imanyamula matope, zinyalala ndi madzi oipa ochokera m'makomo ndi m'mafakitale. Matope amakuta mchenga moti simenti imalephera kuugwira, amafunanso madzi ambiri pokanda, ndipo posalaza amakwera pamwamba n'kusiya mtundu wachikasu kapena wofiirira umene sudzachoka.

Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo muchite lole isanatsitse katundu wachiwiri. Thirani mchenga m'botolo loonekera mkati mpaka theka, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani bwino, ndipo mulisiye usiku wonse. Mchenga umakhala pansi, matope amakhala pamwamba pake mooneka bwino. Ngati mchenga wafika masentimita 10 ndipo matope apitirira mamilimita 8, mchengawo utsukidwe kapena ugwire ntchito ina, osati ya pansi pa nyumba. Miyala ya kwale nayonso, kaya yochokera ku makina kaya yophwanyidwa pamanja, ikhale yopanda fumbi lambiri ndi dothi.

Nambala 32.5 ndi 42.5 zolembedwa pa matumba zimatanthauza chiyani?

Zimasonyeza mphamvu imene simentiyo imafika poyesedwa pakatha masiku 28. Ya 32.5 imakwanira pa ntchito zambiri za pakhomo ngati yayezedwa bwino ndi kuthiriridwa mokwanira, pomwe ya 42.5 ndi yamphamvu koposa ndipo ndi yoyenera pa mizati, pa konkire ya denga ndi poyenda magalimoto olemera. Simenti imene inapangidwira kumangira njerwa ndi kupulasitala yokha isalowe mu konkire. Gulani matumba osatsegulidwa okhala ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards kapena ochokera kwa ogulitsa odalirika, muwasanjike pa matabwa kutali ndi khoma, ndipo muwagwiritse ntchito miyezi 3 isanathe. Thumba lokhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala lamwa kale chinyezi ndipo mphamvu yake yatsika.

Tithirire masiku angati, ndipo kuthirira kuli ndi phindu lanji ngati konkire yagwira kale?

Pa mafunso onse a pa tsamba lino, ili ndi limene tikupempha kuti muliwerenge mofatsa. Konkire siilimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa simenti imagwirizana ndi madzi n'kupanga chinthu chatsopano cholimba chimene chimamanga mchenga ndi miyala pamodzi, ndipo ntchito imeneyi imapitirira kwa milungu ingapo malinga ngati madzi alipo. Pakatha masiku 7 konkire yosamalidwa bwino imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a mphamvu yake, ndipo mphamvu yomwe timawerengera imafika pa masiku 28. Madzi akathawa msanga, ntchitoyo imaima, ndipo malo oyamba kuuma ndi pamwamba, pomwe dzuwa ndi mphepo zimafika. Ichi n'chifukwa chake konkire imatha kukhala yolimba mkati koma yofumbutuka kunja.

Choncho konkire ikhale yonyowa mosalekeza kwa masiku 7 osachepera, ndipo mukafika masiku 10 kapena 14 mwachita bwino koposa. Mawu ofunika ndi akuti mosalekeza. Kuwaza ndowa imodzi m'mawa ndi ina madzulo, konkire n'kumauma mbuu masana onse, kumathandiza pang'ono chabe ndipo kumatha kubweretsa timing'alu. Njira zabwino ndi kuyala ziguduli zonyowa, kuyala mchenga woyera wonyowa, kapena kumanga kamzere ka matope a simenti m'mbali kuti madzi aime pamwamba. Musagwiritse ntchito katondo pomanga kamzere kameneka kapena pophimbira, chifukwa konkire yaiwisi imamwa mtundu wake ndipo simudzauchotsanso.

Tonse tikudziwa kuti m'madera ambiri a mzinda uno mipopi imatha kuuma masiku angapo. Dzazani migolo tsiku lothira konkire lisanafike, ndipo ngati madzi ndi ovuta kwenikweni, nyowetsani bwino kamodzi n'kuphimba ndi pepala la pulasitiki, m'mbali mwake mutatsindika ndi njerwa kuti mphepo isalowe. Pogwirizana mtengo ndi amisiri, tchulani poyera kuti ndani adzathirire, chifukwa nthawi zambiri amisiri amalandira ndalama zawo pa tsiku lomaliza kusalaza n'kupita ku ntchito ina, ndipo mwini nyumba amaganiza kuti zonse zatha. Anthu angayendepo mosamala pakatha masiku 2, galimoto yaing'ono idikire masiku 7, ndipo lole isafikepo masiku 28 asanakwane.

Ndi nyengo iti yabwino kuthira konkire kuno ku Blantyre?

Miyezi yovuta kwambiri ndi Seputembala, Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, pamene dzuwa limaswa mtengo ndipo mphepo imakhala youma. Madzi amathawa pamwamba konkire isanagwire, ndipo ming'alu yaifupi imatseguka amisiri adakali pomwepo. Vutoli ndi lalikulu m'madera otsika ndi otentha monga Chileka ndi Lunzu kusiyana ndi ku Limbe kapena ku Bangwe. Ngati simungachitire mwina, yambani m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka, nyowetsani dothi la pansi ndi matabwa a m'mbali musanathire, ndipo phimbani gawo lililonse likangotha osadikira kuti bwalo lonse lithe.

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, khalani ndi pepala la pulasitiki pafupi, pakuti mvula yamphamvu ikagwa pa konkire ya maola ochepa imakokolola simenti n'kusiya mchenga poyera. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndi yabwino ndithu, ndipo chiperoni chimathandiza kusunga chinyezi, koma konkire imachedwa kugwira moti amisiri ayenera kudekha asanayambe kusalaza. Malangizo ambiri a pa intaneti amakamba za madzi oundana ndi mchere wothira m'misewu nthawi yachisanu. Amenewo analembera mayiko ozizira ndipo sakutikhudza.

Kodi ming'alu ingapewedwe kotheratu?

Konkire iliyonse imafinyika pang'ono ikamauma, pafupifupi theka la milimita pa mita iliyonse, ndipo pa bwalo lalitali kufinyika kumeneku kumakwanira kuling'amba. Chimene tingachite ndi kusankha malo amene mng'aluwo udzadutse. Pa konkire yokhuthala mamilimita 100, dulani mizere yowongoka pa mamita 2.5 mpaka 3 alionse, yakuya gawo limodzi mwa magawo anayi a kukhuthala kwake, ndipo zigawo zikhale pafupifupi zofanana m'litali ndi m'lifupi. Mizereyi idulidwe konkire isanalimbe kapena pasanathe tsiku limodzi. Pamene bwalo likukumana ndi khoma la nyumba kapena mzati, ikanipo kathabwa kofewa kapena pulasitiki kuti ziwirizi zisamatane.

Ming'alu yoopsa ndi yochokera pansi. Mapoloti ambiri a m'mbali mwa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe anakonzedwa pokumba mbali ya kumtunda ndi kuthira dothilo mbali ya kumunsi. Dothi lothira limatsika pakapita nthawi ngati silinatsindiridwe, ndipo konkire imatsika nalo. Lithiridwe m'magawo osapitirira masentimita 15, gawo lililonse linyowetsedwe pang'ono ndi kutsindiridwa lina lisanabwere. Madzi otsika m'phiri apatsidwe ngalande yodutsa pambali, chifukwa akapeza njira pansi pa bwalo amakokolola dothi mwakachetechete, ndipo mvula yosalekeza ngati ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 imaonetsa poyera malo onse amene madzi analibe njira. Mitengo ya mizu yoyanga, monga mango ndi jakaranda, isadzalidwe pafupi ndi bwalo.

Zinthu zoyera zokhala ngati mchere zimene zimatuluka pa konkire n'chiyani?

Simenti ikamalimba imatulutsa laimu. Chinyezi chikamadutsa mu konkire chimasungunula laimuyo n'kumufikitsa pamwamba, ndipo madzi akauma iye amakumana ndi mpweya n'kusanduka ufa woyera. Pa konkire yatsopano zimenezi si zachilendo ndipo zimachepa pakatha nyengo imodzi kapena ziwiri. Kwechani ndi burashi yolimba pali pouma, osathira madzi ambiri, chifukwa madzi amangobwezera laimuyo mkati kuti adzatulukenso. Zouma kwambiri zimachoka ndi viniga wosungunula ndi madzi, mukatsukuluza bwino pambuyo pake.

Zikamabwerera chaka ndi chaka, ndiye kuti pali madzi amene akulowa, mwina paipi yodontha, madzi a padenga oima m'mbali mwa maziko, kapena chinyezi chokwera kuchokera m'dothi. N'chifukwa chake pansi pa nyumba payenera kuyalidwa pepala lokhuthala la pulasitiki, la ma micron 250 (kotala la milimita), konkire isanathiridwe, mapepalawo atapitirirana bwino polumikizana ndiponso osabooka.

Bwalo langa lili ndi mawanga, pena pakuda pena potuwa. Chinalakwika n'chiyani?

Mtundu wa konkire umasintha ndi kuchuluka kwa madzi, mtundu wa simenti, mchenga ndi nthawi yosalaza. Mukakanda pamanja mulu ndi mulu, wina wamadzi ambiri umatuluka wotuwa ndipo wina wouma umatuluka woderapo. Kusintha kampani ya simenti kapena gwero la mchenga ntchito ili mkati kumaonekanso poyera. Malo amene asalazidwa mobwerezabwereza ndi chosalazira chachitsulo konkire itayamba kulimba amada, ndipo pepala la pulasitiki lokhala ndi makwinya limasiya zithunzi za makwinya akewo. Mawanga pa okha sachepetsa mphamvu ndipo amazilala pang'onopang'ono, koma kupewa kwake ndi kugula zipangizo zonse nthawi imodzi ndi kuyeza madzi ndi ndowa imodzimodzi pa mulu uliwonse.

Pansi pofiira pa red oxide, pomwe ambiri timapakonda pa khonde, pamafuna kusamala koposa. Ufa wofiirawo uyezedwe pa sikelo, usapitirire makilogalamu 5 pa thumba la simenti, ndipo usakanizidwe ndi simenti zili zouma mpaka mtundu ufanane madzi asanalowe. Pansi pofiira pakaoneka ngati pasuluka m'miyezi yoyamba, kawirikawiri mtundu sunathe ayi, wangophimbidwa ndi laimu uja.

Tingatani ndi matope ofiira ndi ndere za m'dzinja?

Kufiira kwa katondo kumachokera ku chitsulo cha m'dothimo, ndipo tizidutswa take ndi tating'ono kwambiri moti timalowa m'timabowo ta konkire. Kupewa n'kosavuta kusiyana ndi kuchotsa. Ikani magata kuti madzi a pa malata asamagwere pa dothi n'kuthovukira pa khonde, dzalani kapinga kapena yalani timiyala m'mbali mwa bwalo, ndipo bwalo lonse lipendekere kutali ndi nyumba ndi masentimita 2 pa mita iliyonse kuti madzi asaime. Matope akafika, tsukani tsiku lomwelo ndi sopo waufa ndi burashi.

Ndere zimamera pamene pali mthunzi ndi chinyezi, makamaka mbali ya kumwera kwa nyumba, imene dzuwa siliifika bwino m'miyezi yozizira, komanso pansi pa mitengo ndi pochapira. Kuwonjezera pa kudetsa, zimaterera, ndipo masitepe a ndere ndi ngozi yeniyeni kwa agogo ndi ana. Sungunulani gawo limodzi la Jik m'magawo 10 a madzi, thirani, dikirani mphindi 15, kwechani ndi kutsukuluza, mukusamala kuti madziwo asapite ku maluwa kapena ku ndiwo za m'dimba. Sadzani nthambi kuti dzuwa lizilowa, apo ayi ndere zidzabwerera.

Ndi zinthu ziti za pakhomo zimene zimawononga konkire ife osadziwa?

Choyamba ndi feteleza. Mabanja ambiri amasunga matumba ake pa simenti podikira mvula, koma feteleza wa ammonium sulphate ndi wa CAN akanyowa amadya konkire, pamwamba pake n'kufewa ndi kufumbutuka. Muwasanjike pa matabwa. Asidi wodontha m'mabatire a sola ndi a galimoto amachita chimodzimodzi, choncho batire likhale m'beseni la pulasitiki. Mbaula yoyaka ikakhala pa simenti tsiku ndi tsiku imadetsa malowo ndipo kutentha kumasupula pamwamba pake. Njerwa zingapo pansi pa mbaula zimathetsa vutoli. Zitosi za nkhuku, zipatso zoola ndi masamba onyowa a mango kapena a mapeyala zimasiya mawanga zikagonera.

Mafuta a galimoto akadontha, thiranipo msanga utuchi, phulusa kapena mchenga wouma kuti zimwe, sesani, kenako tsukani ndi madzi otentha ndi sopo waufa. Petulo asagwiritsidwe ntchito, chifukwa amalowetsa mafutawo mkati ndipo angabutse moto.

Dzimbiri lili pawiri. Lochokera ku mgolo, mpando wachitsulo kapena fosholo yosiyidwa pamvula limangodetsa pamwamba ndipo madzi a mandimu amalichepetsa. Koma dzimbiri lotuluka m'mng'alu wowongoka limasonyeza kuti zitsulo za mkati zayamba kuwonongeka, ndipo chitsulo chochita dzimbiri chimatupa n'kuphulitsa konkire. Zimachitika pamene waya wolimbitsa konkire wangogonekedwa pa dothi kapena wayandikira kwambiri pamwamba. Pa ntchito ya panja, chitsulo chikutidwe ndi konkire ya mamilimita 40 kapena kuposerapo mbali zonse.

Amisiri ena amati titsuke ndi asidi. Kodi ndi bwino?

Asidi amayeretsa chifukwa amasungunula simenti ya pamwamba, kutanthauza kuti nthawi iliyonse mukatsuka naye mwachotsa gawo la chitetezo cha konkire yanu ndipo idzada msanga kuposa kale. Akhale njira yomaliza. Ngati pakufunikadi, nyowetsani konkire poyamba, thirani gawo limodzi la asidi m'magawo 10 a madzi, asidi ndiye azilowa m'madzi osati madzi mu asidi, valani magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo tsukuluzani ndi madzi ambiri pakangotha mphindi zochepa. Musasakanize asidi ndi Jik ngakhale pang'ono, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni.

Kodi penti, polishi kapena mankhwala otseka timabowo n'zothandiza?

N'zothandiza pa konkire yabwino, koma sizikonza konkire yofooka. Dikirani masiku 28 osachepera, kenako yesani chinyezi: matani ndi tepi kapepala ka pulasitiki ka masentimita 45 mbali zonse, mukasiye tsiku lathunthu, ndipo mukapeza mame pansi pake kapena simenti itada, nthawi sinakwane. Penti yopakidwa pa chinyezi imatukuka. Panja, mankhwala olowa mkati a mtundu wa silane kapena siloxane amakankha madzi popanda kusintha maonekedwe kwenikweni, pomwe a acrylic amapanga kakhungu konyezimira kamene kamatha ndi dzuwa ndi matayala moti kamafuna kubwereza pakapita zaka zochepa. Polishi ndi wa m'nyumba ndi pa khonde lofoleredwa. Pamalo ogwa mvula amaterera, ndipo ngati mudzafuna kuika matailosi kapena penti m'tsogolo adzayenera kupalidwa yense. Pabwalo ndi pa masitepe a panja, kukoka tsache lolimba pa konkire isanaume kumasiya timizere toteteza kuterereka.

Konkire yanga yawonongeka kale. Ndiiphwanye kapena ingakonzeke?

Yambani ndi kugogoda ndi hamala malo osiyanasiyana. Pomveka phokoso lolimba ndiye kuti pansi pali bwino, pomwe pomveka ngati pali mphako pasupuka kale ndipo pachotsedwe. Ngati vuto ndi fumbi la pamwamba lokha, palani gawo lofookalo ndi kupaka mankhwala olimbitsa a silicate. Ngati mchenga ndi miyala zaonekera, mungathire gawo latsopano lokhuthala mamilimita 25 mpaka 40, koma konkire yakale iyambe yasemedwa kuti ikhale yokhakhala, itsukidwe, inyowetsedwe kuyambira dzulo lake, ndipo ipakidwe phala la simenti limene gawo latsopanolo lithiridwepo phalalo lisanaume. Mizere yodula ya pamwamba ilunjike ndi ya pansi, ndipo kuthirira kwa masiku 7 kukhalepo monga pa ntchito yatsopano. Kungopaka simenti yamadzi yopyapyala pamwamba, monga ena amachitira nyumba ikamalowa alendi atsopano, kumasupuka m'miyezi yochepa.

Mng'alu umene mbali imodzi yatsika kuposa inzake, umene ukukulirakulira, kapena umene wapitirira mpaka kukwera khoma, sufunika kumatidwa msanga. Lembani chizindikiro kumapeto kwake, yezani kukula kwake mwezi ndi mwezi, makamaka m'dzinja, ndipo ngati ukusuntha itanani injiniya wa zomangamanga aone dothi ndi maziko musanagule thumba lina la simenti.